Za Kanema Wosalankhula ndi Oonera Olankhula pa Mitundu

Akatswiri a mbiri ya kanema amagwirizana kuti nyengo ya mafilimu osalankhula, pamene Charlie Chaplin ankaseketsa anthu ndi kayendedwe kokha, inayamba kutha mu 1927 itatuluka filimu ya mawu yotchedwa The Jazz Singer, koma zikuoneka kuti uthengawu sunafikebe pa Mitundu ndi pa Nathenje. Pamene a m'mayiko akutali amataya chuma chambiri pokonza masewero a pa TV okumbutsa nyengo imeneyo, kuno imaoneka tsiku lililonse pa mtengo wosafika wa mbale ya tchipisi, m'nyumba yotchedwa vidiyo sho, yomwe ndi chipinda cha mabenchi chotchingidwa mazenera ndi ziguduli, chokhala ndi sipika panja yokakamiza ngakhale ogulitsa tomato kumva nawo nkhondo imene sanailipire.

Mwambowu uli ndi mizu yakale. Pakati pa 1935 ndi 1937 ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment inkayendetsa m'Nyasaland zithunzi zopanda mawu, ndipo mawu ake ankachokera m'mbale za galamafoni. Kenaka bungwe la Central African Film Unit, lomwe linakhazikitsidwa ku Salisbury mu 1948, linkadalira womasulira woima pambali kuti auze anthu zomwe maso awo akuona kale. Kuyambira pamenepo zinakhazikika kuti filimu siyenera kudzilankhulira yokha pamene pali munthu wokhala ndi pakamwa.

Wolowa m'malo mwa womasulira uja lero ndi DJ, amene amatseka pakamwa Jackie Chan n'kumulankhulira m'Chichewa, kumupatsa dzina la kumudzi ndi ngongole ya kabaza, mpaka kumudandaulitsa kuti kuyambira m'mawa sanalawe nsima. Ena amati uku n'kuwononga luso, koma ayenera kuvomereza kuti nkhani yake nthawi zambiri imaposa ya eni ake.

Oonera nawo ali ndi maudindo. Wamkulu mwa onse ndi wodziwiratu, ndiye kuti munthu amene filimuyo anaionera kale ndipo amaona kuti kusunga chinsinsi ndi umbombo, choncho amalengeza imfa ya chigawenga chisanaonekere n'komwe, kwinaku akutsimikizira amantha kuti mwini filimu safa. Pambuyo pake pali mlangizi, amene amachenjeza mwini filimuyo mofuula kuti mdani ali kumbuyo, ndipo akapanda kumvera amamunena kuti ndi wamwano. Palinso wofika mochedwa, yemwe mwaulemu wonse amapempha achimwene oyandikana nawo kuti amufotokozere kuchokera pachiyambi. Ana oonera pabowo la chitseko salipira, komabe ndiwo amadandaula kwambiri wamtali akakhala kutsogolo.

Ulemu wa wodziwiratu umaonekera bwino magetsi akazima, chifukwa pamenepo anthu omwe ankamutonthoza aja amamutcha bwana namupempha kuti amalize nkhaniyo, iye n'kuimirira mumdima, akuponya zibakera ndi kulira ngati mfuti, kufikira filimu itatha popanda chithunzi ngakhale chimodzi. Mwini nyumba, amene ndi katswiri wa malamulo pa nkhani ya ndalama, amagamula kuti popeza aliyense wamva mathero, palibe woyenera kubwezeredwa, ndipo mlandu umenewu umapitirira pa chiwaya mpaka wokazinga tchipisi atazimitsa moto.