Ulemu kwa Kapulasitiki Konunkha Viniga

Mafumu ali ndi owaimbira nyimbo, akatswiri a mpira ali ndi owalemba m'nyuzipepala, koma kapulasitiki kamene kanalera ana a maiko ambirimbiri kwa zaka zoposa 80 palibe anakaombera m'manja. Ine ndavula chipewa. Dzina lake ndi cel, pepala loonekera mbali zonse, lokulirapo pang'ono kuposa tsamba la kope, msuweni wa jumbo amene anakulira kunja n'kulemera. Tom ankathamangitsira Jerry pomwepo, Scooby-Doo ankanjenjemerera pomwepo. Kuyambira pano tiwatchula mwaulemu kuti a Cel.

Achikulirewa anabadwa chifukwa cha ulesi, ulesi woyenera mendulo. Kanema amameza zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, ndipo ojambula makatuni oyambirira ankabwereza zonse pa pepala lililonse: munthu, nyumba, mtengo, phiri. Mu 1914 Earl Hurd wa ku America anakalembetsa nzeru yake kuboma. Phiri lijambulidwe kamodzi basi, pamwamba pake paikidwe pepala loonekera, ndipo papepalapo pakhale chokhacho chimene chikuyenda. Mizere ya inki inkalembedwa kumaso kwa a Cel, penti n'kupakidwa kumsana. Ku Disney ntchito yopweteka msanayi inali ya amayi, amene m'zaka za m'ma 1930 sankaloledwa kukhala ojambula enieni. A Cel okha ndi amene ankawadziwa amayiwo mmodzimmodzi.

Za kudzichepetsa, ndani angafanane nawo? Munthu wawasamalira, wawapaka, wadikira kuti aume, kenako aima pamaso pa kamera kwa nthawi yochepa kuposa kuphethira, ntchito yatha. Sankapempha penshoni. Ena ankatayidwa, ena ankapita kukasamba: penti yonse kutsukidwa kuti mawa avale nkhope ina. Kunali anthu olembedwa ntchito yosambitsa mapulasitiki basi, ndipo Chuck Jones, amene pambuyo pake anatipatsa Road Runner ndi Wile E. Coyote, anayambira pa beseni limenelo mu situdiyo ya Ub Iwerks.

Khalidwe lawo limene ndimalikonda kuposa onse ndi kulephera kusunga chinsinsi. Khoma, nkhalango ndi mapiri akumbuyo zinkajambulidwa pa pepala lenileni, ndi mithunzi yake, koma chinthu choti chiyende chinkapakidwa penti yosalala pa pulasitiki. Choncho Scooby-Doo ndi Shaggy akalowa m'nyumba ya mizukwa, mwana wa zaka zisanu ankadziwiratu chitseko chimene chitseguke, chifukwa chinali chowala kuposa zinzake. Pakati pa miyala yonse ya m'phiri, mwala woti ugwere Coyote unkadziulula wokha. Olemba nkhani ankatuluka thukuta kubisa, a Cel n'kumalozera ana ndi chala. Mboni yotere khoti lililonse likanailandira ndi manja awiri.

Pa kasungidwe ka ndalama ndiye mphunzitsi wamkulu. William Hanna ndi Joseph Barbera atachoka ku MGM n'kuyamba makatuni a pa wailesi ya kanema, ndalama zinali zochepa, ndipo a Cel anavomera kudulidwa zidutswazidutswa: thupi pa pepala limodzi losasuntha, mutu pa lina, pakamwa pa lina. N'chifukwa chake Yogi Bear, chimbalangondo chopanda malaya ngakhale buluku, amavala kolala ndi tayi. Kolalayo imabisa polumikizira khosi ndi mutu. Fred Flintstone, amene anayamba kuoneka mu 1960, akamathamanga m'nyumba mwake amadutsa zenera lomwelo, mpando womwewo, zenera lomwelonso, mpaka munthu kudabwa kuti kanyumba kamiyala kameneka n'katali bwanji. Anthu ansanje amati kumeneko n'kubera ana. Ine ndimati palibe mmisiri wina anamangapo nyumba yaikulu chotero ndi zenera limodzi.

Koma tsiku la ukwati wa a Cel linali chiyambi cha katuni, mphindi imodzi ija ya nyimbo. Pamenepo ankavala suti. Poti chiyambi chimajambulidwa kamodzi n'kuonetsedwa pa gawo lililonse, eni ndalama ankamasula dzanja. Taonani cha ThunderCats cha mu 1985, chojambulidwa ku Japan: kamera ikuzungulira, lupanga likung'anima, anthu akudumpha ngati alibe mafupa. Nyimbo ikangotha, anthu omwewo nthawi zambiri ankaima chilili n'kumayendetsa milomo yokha. He-Man wa mu 1983 naye anali ndi magawo 130, ndipo zithunzi zomwezo zokweza lupanga kumwamba zinkabwerera gawo ndi gawo osachita manyazi. Mwana amene anaona mphindi imodzi kambirimbiri chonchi sangaiiwale, ndipo lero ndi bambo wadazi amene saloweza nambala ya foni ya mkazi wake koma nyimbo ya DuckTales amaiimba yonse. Akamati makatuni akale anali okoma, kawirikawiri akukumbuka mphindi imodziyo. Mphindi 20 zotsatirazo anazikhululukira kalekale.

Ife kuno tinafika mwambo utatsala pang'ono kutha. Television Malawi inayamba mu 1999, pamene Disney anali atatsanzikana nawo kale a Cel: The Little Mermaid ya mu 1989 inali filimu yawo yaitali yomaliza yopakidwa pa pulasitiki, ndipo The Rescuers Down Under ya mu 1990 inapakidwa pa kompyuta. The Simpsons anasamuka mu 2002. Sazae-san wa ku Japan, amene anayamba mu 1969, anakakamira mpaka 2013.

Apa ndiye pali chozizwitsa: atangochotsedwa ntchito, mtengo wawo unakwera. Kugulitsa kunayamba kale ndithu. Mu 1938 Courvoisier Galleries ya ku San Francisco inkagulitsa zidutswa za Snow White, ndipo pambuyo pake ku Disneyland alendo ankatola ma cel pa dola imodzi kapena ziwiri. Koma mu 1989 cel wakuda ndi woyera wa m'katuni ya Orphan's Benefit ya mu 1934 anagulidwa pa okushoni ya Christie's pa madola 286,000. Amene ankatsuka anzake m'beseni, ngati anali akadali moyo, ayenera kuti anayang'ana manja awo nthawi yaitali.

Wogula wamba amapeza chiyani? Nthawi zambiri phiri lakumbuyo lija palibe, chifukwa linali limodzi pa ma cel ambirimbiri. Ngwazi yake ya paubwana yatsinzina, kapena yapereka nkhongo. Mwina wagula thupi lopanda mutu, mwina mkono wokha ukuyandama pa pulasitiki, poti mutuwo unagulidwa ndi munthu wina wa ku Osaka. Amaika m'felemu, naitana alendo kuti adzaone. Palinso abale ena otchedwa sericel, osindikizidwa ambirimbiri kuti agulitsidwe basi, amene sanaonepo kamera chibadwire, komabe amabwera ndi satifiketi ya chidindo chagolide. Amenewo sindiwaweruza, banja lililonse lotchuka limakhala ndi achibale otulukira pa nthawi yogawa chuma.

Ulemu waukulu ndausungira ukalamba wawo, chifukwa a Cel anakana kukhala katundu wa munthu mpaka kalekale. Akale kwambiri, opangidwa ndi nitrate, amasanduka achikasu, amachita makwinya, ndipo sachedwa kuyaka moto. Otsatira awo, a acetate, amatulutsa asidi pang'onopang'ono, n'kuyamba kununkha viniga. Akatero amafota, amapindika, penti n'kumasweka ndi kugwa. Mankhwala obweza zimenezi kulibe, kungochedwetsa. Matendawo ndi opatsirana: mpweya wa asidi wochoka kwa mmodzi umafulumizitsa kuwola kwa anzake ogona nawo m'bokosi. Kuwala nako ndi mdani, makamaka kwa mizere yosindikizidwa ndi makina a Xerox, njira imene Disney anaigwiritsa ntchito mu One Hundred and One Dalmatians ya mu 1961: mizereyo imazilala.

Ndiye mwini wake wanzeru amachotsa chithunzi chija pakhoma. Amachigoneka m'kabati yamdima, m'chipinda chozizira ndi chouma kuposa chimene amagonamo iye mwini, amachipatula kwa anzake, amachipatsa mpweya. Kenako, pakapita miyezi ingapo, bambo wolemekezeka uja amatseka chitseko kuti ana asamuone, amavala magolovesi oyera, amatsegula kabati, n'kuweramitsa mphuno pa mkono wa He-Man kuti anunkhize.