Safunsa anadya phula, nanga wofunsa foni adya chiyani?

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Amanena za munthu amene anapatsidwa chisa cha njuchi, iye chifukwa cha manyazi kapena matama osafunsa kadyedwe kake, n'kumeza phula uchi ukuchucha pambali. Mwambiwu anaupangira anthu ouma pakamwa. Koma dzafikeni kuno kwa Mlolo, kapena pamsika wa pa boma ku Chadiza, mudzaone nokha kuti anthu ouma pakamwa anatha. Aliyense akufunsa, usana ndi usiku, mpaka chala kuwawa. Chovuta n'chakuti tonse tikufunsa mlangizi mmodzi, yemwe sayankha asanadye bandulo ya Airtel kapena MTN.

Mvula ikagwa mu Disembala bowa amamera m'thengo. Mnyamata wa giredi 12 wazula bowa wachilendo, waujambula, wakwera pachulu kusaka netiweki, kenaka wafunsa pa gulu la WhatsApp ngati ndi wodyedwa. Woyamba kuyankha ali ku Lusaka, ndipo bowa amene amamudziwa ndi wa mu Shoprite, wokutidwa pulasitiki. Wachiwiri watumiza chithunzi cha manja opemphera. Wachitatu, msuweni wake weniweni, akuti: "Lawa pang'ono, utiuze." Nthawi yonseyi agogo ake aakazi ali pakhonde akusenda mtedza. Adya bowa kuyambira Kaunda asanalowe ufumu ndipo akali moyo, umene ndi satifiketi yokhayo yofunika pa nkhani ya bowa. Palibe wowafunsa.

Chonsecho anthu ophunzira zenizeni sachita manyazi kufunsa kumudzi. Kuli kambalame kotchedwa nsadzu, kaja kamalira kakuuluka mtengo ndi mtengo kulondolera munthu kumene kuli njuchi. Mu 2016 katswiri wa mbalame Claire Spottiswoode, wa ku mayunivesite a Cambridge ndi Cape Town, anafalitsa zimene iye ndi anzake anapeza m'nkhalango ya Niassa ku Mozambique. Sanakhale mu ofesi n'kumalota. Anayenda ndi Ayao ofula uchi, nawafunsa mmene amaitanira kambalameko. Ayao amalira kuti "brrr-hm", ndipo atayesa anapeza kuti kulira kumeneku kumachulukitsa katatu mwayi wopeza njuchi: maulendo 54 pa 100 alionse, pamene ndi phokoso wamba anali 17 okha. Mayi wa madigiri ake kuwoloka nyanja kudzaphunzira kuliza milomo! Ife pano agogo akayamba kufotokoza za mbalame timati akalamba, akubwebweta.

Ndipo pali chinthu chimene mwambi uja sunatiuze. Malipiro a nsadzu ndi phula. Kambalameka n'kamodzi mwa mbalame zochepa zimene m'mimba mwake phula limagayika. Wansembe wachipwitikizi João dos Santos anakaona ku Sofala mu 1588 kakulowa m'tchalitchi kudzajompha makandulo a paguwa. Ndiye wodya phula wamkulu m'thengo monse si chitsiru ayi, ndi iye amene akudziwa kumene kuli uchi. Kamadziwanso kufunsa, popeza njuchi sikangalimbane nazo, kamakaitana mwini nkhwangwa ndi utsi. Ofula uchi amati ukakamana gawo lake, ulendo wina kadzakulondolera kwa njoka. Kaya n'zoona, koma sindinaonepo wofuna kuyesa.

Musaganize kuti ndikuti agogo amadziwa zonse. Kumapeto kwa 2016 m'minda ya chimanga munalowa mbozi zachilendo zimene kwawo ndi ku America, zija ambiri amati ntchemberezandonda. Zinavuta mpaka Pulezidenti Edgar Lungu analamula ndege za asilikali kunyamula mankhwala kupita nawo m'zigawo. Apa agogo nawo anagwira pakamwa. Ena anathira phulusa, ena dothi, ena sopo wa ufa, ngati kuti chimanga chadetsa malaya. Wofunika kumufunsa anali mlangizi wa zaulimi, amene amadziwa kuti mbozizi zimachokera ku mazira a gulugufe wouluka usiku, kuti zimabisala pamtima pa chimanga, ndiponso kuti kupopera kumathandiza zikali zazing'ono, m'mawa kwambiri kapena madzulo. Koma mlangizi akaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo, timayamba tafunsa ngati kukhale zakumwa. Funso limenelo lokha sitiliiwala.

Foni sindikuinyoza. Imatiuza mtengo wa soya ku Chipata tisanakwere galimoto, ndipo pa chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, ambiri anamvera pomwepo za El Niño, kuti madzi akatentha m'nyanja ya Pacific mvula imathawa kuno. Chimene foni ilibe ndi manyazi. Agogo akapanda kudziwa amati "kaya". Foni siinenapo "kaya" chibadwire. Imayankha chilichonse molimba mtima, ndipo ukatsegula m'mimba siibwera kudzakuona kuchipatala.

Choncho achinyamata a kwa Mlolo, dzinja lino bowa mukazula, jambulani ndithu, muonetse anzanu a ku Lusaka asirire. Koma lichero lipite kaye pakhonde kwa agogo lisanafike pamoto.