Ndikungoyenda, Amfumu

Kwathu kuno munthu sayenda chabe. Akalawira m'mawa n'kutenga njira ya kumudzi wina, ndiye kuti kuli maliro, chinkhoswe, chigayo, sikelo ya ana, kapena akukalonjerera ngongole. Ulendo uliwonse uli ndi mutu wake, ndipo aliyense wokumana naye panjira ali ndi ufulu wofunsa mutuwo. Azungu okha ndiwo tinawapatsa chilolezo choyenda popanda chifukwa. Iwowa akabereka chikwama kumsana, kabudula ali m'chiuno, timangoti ndi alendo odzaona malo, ana n'kumawathamangira. Koma iwe Mmalawi mnzathu, wamimba yako, tayesa uone.

Ine ndinayesa, ndipo anandiputa ndi adokotala. Atandimanga chija chopopa pamkono, anayang'ana manambala, anayang'ana mimba, n'kufunsa kuti patsiku ndimayenda mtunda wautali bwanji. Ndinawawerengera mosabisa: kuchoka pakhonde kukafika pamene pamaima a kabaza, ndi kuchoka pa kabaza kukalowa muofesi. Madzulo chimodzimodzi. Adokotala anapukusa mutu. "Bambo, BP iyi siikufuna mapilitsi okha. Muziyenda." Sananene kuti ndizipita kuti.

Amene anandionjezera moto ndi alamu anga, omwe anakhalako ku England miyezi yowerengeka ndipo mpaka lero sanasiye kutikumbutsa. Akuti kumeneko kuli njira za oyenda pansi zodutsa m'minda ya eni ake, zotetezedwa ndi lamulo, zikwangwani zili mbwee, mapu ake ogulitsa m'sitolo. Akuti m'mbali mwa mtsinje wa Thames muli njira imene anaitsegula mu 1996, yotalika pafupifupi makilomita 300, ndipo anthu amatenga tchuthi kuntchito kuti akangoyendamo. Mtima wokonda dziko unandigwira. Shire wathu ndi wa makilomita 400, nanga tikudikira chiyani? Ndinapita pa kaunjika kukagula jombo, ndinapeza botolo la madzi, kope ndi cholembera, kuti mbadwo wamawa udzadziwe amene anajambula njira yoyamba ya oyenda pansi m'boma la Balaka.

Mayi a kunyumba anandiyang'ana ndikumanga zingwe za jombo. "Abambo a ana, ngati ku Utale kuli mnzanga, ingonenani. Ya kabaza ndikupatsani ndine, kusiyana n'kuti mukafere panjira."

Tsono muyenera kudziwa kuti pamene Balaka ankapatuka ku Machinga mu 1998, kagawidwe ka chuma sikanayende bwino. Anzathu a kutsidya anatenga mapiri, nyanja ya Chiuta, gombe la Chilwa ndi gawo lalikulu la nkhalango ya Liwonde. Ife anatisiyira milambe, thonje, oimba ndi dzuwa. Dzuwalo anatipatsa lonse osachotsako. Ine mwanzeru zanga ndinasankha mwezi wa Okutobala, poti ndi pamene m'njira mulibe matope.

Cholinga chinali kukafika ku Utale potsata chigwa cha Rivirivi, mtsinje umene umachokera ku mapiri a ku Ntcheu n'kukathira mu Shire. M'dzinja mtsinjewu susewera, umakokolola minda n'kutsekera anthu kutsidya. M'chilimwe umafatsa, amayi n'kumafukula mchenga kuti apeze madzi, m'mbali mwake muli madimba a mpiru ndi tomato, anyamata akuumba njerwa. Ndinaima kuti ndilembe kukongola kumeneku, komanso kuti ndipumeko mosaonetsera.

Pomwepo panatulukira agogo ena akudzandira ndi ndodo.

"Mwana wanga, n'kwabwino?"

"N'kwabwino, agogo. Ndikungoyenda."

"Watisiya ndani?"

"Palibe, agogo. Ndikuwongola miyendo."

Anayang'ana miyendoyo, anaona kuti ndi yowongoka kale. Kenaka maso awo anagwera pa kope lija. Sananenenso kanthu, anangotembenuka n'kulowa m'mudzi, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndodo ija sinkagundanso pansi.

Ndisanamalize chiganizo chachiwiri, kumbuyo kwanga kunali mzere. Amayi a ana kumsana, madoda, aliyense chitupa cha unzika chili m'manja. Uthenga unali utafika kale kuti kwabwera bwana wolemba mayina a Mtukula Pakhomo. Ena anamva kuti ndi za feteleza wotsika mtengo. Bambo wina anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti mayi ake anadumphidwa chaka chatha, ndipo nkhuku ilipo ngati ndingawaganizire. Nditakana kuti sindine wa boma, gulu linagawikana pawiri. Mbali ina inati ndine wa mgodi wa ku Kangankunde, ndikuyeza malo mobisa kuti anthu asamutsidwe, ndipo awa anayamba kundionetsa malire a minda yawo, mitengo ya mango n'kumaiwerenga kawiri. Mbali ina inati munthu wamimba yotere sangayende padzuwa ngati sakufuna mavoti, ndipo anyamata anayamba kale kundiitana kuti "olemekezeka", akupempha mpira ndi mayunifolomu. Kunena zoona, dzinalo linandikhala bwino. Ndinalonjeza kuti ndiziona.

Nkhani inakathera kwa amfumu, pansi pa mtengo wa mango, ine pa kampando kachikumba, mudzi wonse pansi.

"Bambo, takulandirani. Mwachokera kuti?"

"Ku Balaka, pa tauni, amfumu."

"Mukupita kuti?"

"Ndikungoyenda, amfumu."

"Galimoto yafera pati?"

"Ndilibe galimoto."

"Ya kabaza yakutherani?"

"Ndili nayo."

Amfumu anayang'ana nduna zawo, nduna zinayang'ana pansi. "Ndalama muli nayo, matenda kulibe, maliro kulibe, simukuthawa apolisi. Nanga mwalakwira ndani kuti akupatseni chilango chimenechi?"

Ndinafotokoza za adokotala, za alamu anga, za Thames. Anamvetsera modekha, kenaka anandilangiza mwaulemu umene umapweteka kuposa kukalipa. Anati mlendo salowa m'mudzi ngati walowa m'sitolo, amayamba waonekera kwa eni ake. Anandikumbutsa za mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinavuta m'maboma a kummwera kuno, anthu osalakwa n'kutaya miyoyo chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Apa sindinaseke. Safunsa anadya phula, ndipo ine phulalo linali litafika kale pakamwa. Anandipatsa thobwa m'chikho, n'kulamula mdzukulu wawo wa Sitandade 7 kuti andiperekeze, "kuti bamboyu asakatifere m'dera mwathu."

Mwana ameneyu ndiye anali mapu. Ankadziwa powolokera pamene mchenga sutitimira. Anandionetsa mlambe wokhomedwa zikhomo mpaka pamwamba, zimene akuluakulu ankakwerera pokafula njuchi. Anandikhotetsa kutali ndi kankhalango kowirira, n'kunena motsitsa mawu kuti ndi kumanda, ndipo m'dera lonselo ndi pokhapo pamene nkhwangwa ya wootcha makala sinafike. Malo ena anangoti, "Uko sitidutsa, kumakhala ndagala nthawi ya jando," ine n'kuthokoza mumtima kuti sindinabwere mu Ogasiti ndekhandekha ndi kope langa. Zonsezi ankanena akudumphadumpha, ataponda mapatapata oduka chingwe, chomangidwa ndi waya. Ine m'jombo zanga za kunja matuza anali atayamba kuphulika limodzilimodzi, ndikupumira m'mwamba ngati mvukuto wa wosula makasu.

Pansi pa mlambe wina ndinapempha kuti tiimeko, ndione bwino chilengedwe. Anatidutsa mayi wina, thumba la chimanga pamutu, mwana kumsana, wina akumukoka padzanja. Anatipatsa moni osachepetsa liwiro. Ine ndinapitiriza kuona chilengedwe. Patapita nthawi mayi yemwe uja anatulukiranso, ulendo uno ufa uli pamutu, nsidze zayera.

"Mukadali pompano, abambo?"

Ndinati ndikuchita kafukufuku. Kumene anachokera mayiyo n'kubwerako, alamu anga akanakutcha ulendo wa tsiku lathunthu, n'kujambulitsa chithunzi cha pa Facebook. Iye amakutcha kuchigayo.

Pa Nkaya sitima ya malasha inandipulumutsa. Apa ndi pamene njanji zimakumana: yochokera ku Blantyre kupita ku Salima, ndi ija inatsegulidwa mu 1970 yodzera ku Liwonde kukatulukira pa Nayuchi. Masiku ano yachiwiriyi imanyamula malasha a ku Moatize kupita ku doko la Nacala, ndipo mabogi ake ndi ambiri moti munthu wotopa amakhala pansi mwaulemu, aliyense n'kumaganiza kuti akudikira sitima idutse. Itadutsa ndinakhalabe. Ku Utale, kumishoni yakale ya ansembe a Montfort kumene odwala khate ankapezako chithandizo, ndinakafika ndithu, koma miyendo inali ya mnyamata wa kabaza. Iyeyu anandiyang'ana kutsogolo ndi cham'mbali, n'kunena kuti mtengo wa munthu ndi wakutiwakuti, koma mimba ilipira payokha poti ndi katundu.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine matuza atapola ndinati vuto linali Rivirivi, tiyeni ku Shire weniweni. Ndinakwera minibasi mpaka pa Liwonde, n'kuima pa Kamuzu Barrage, chotchinga madzi chimene anamanga mu 1965 kuti azitha kuchepetsa kapena kuonjezera madzi opita ku makina a magetsi a ku Nkula ndi kunsi kwake. Malo ndi okongola, zimenezo sindingatsutse: namasupuni akuyandama, mvuu zikufwenthera chapatali, migwalangwa ili ndandanda kutsidya. Ndinafunsa msodzi wina njira ya m'mbali mwa madzi yolowera kumpoto. Anasiya kusoka ukonde wake. "Bwana, m'gombe musayendemo. Anthu a kuno amafunsa kumene mukupita, koma ng'ona sizifunsa."

Apa ndi pamene alamu anga anandibisira mfundo. Ku Thames woyenda pansi amakumana ndi abakha. Kuno ukangopitirira pang'ono wafika pa mpanda wa magetsi wa nkhalango ya Liwonde, imene inakhazikitsidwa mu 1973, ndipo kuyambira 2015 ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. Mikango anaibwezeretsamo mu 2018. Mu 2019 munalowa zipembere 17 zochokera ku South Africa. Njovu zinachulukana mpaka mu 2022 anasamutsako 263 kupita ku Kasungu, ndipo zotsalazo n'zokwanira kukambirana ndi munthu wa BP. Kuyenda pansi m'katimo n'kotheka, koma umalipira, ndipo kutsogolo kwako kumakhala msilikali wa zanyama ndi mfuti. Ndinaganiza kuti mkango ukatulukira, pa gulu lonselo wothamanga pang'ono ndi ndani. Yankho ndinali nalo. Ndinagula chambo chootcha n'kukhala pamthunzi.

Ndikudya chambocho ndinakumbukira David Livingstone wa m'buku la kusukulu, amene mu Epulo 1859 anasiya sitima yake pa Shire n'kuyenda pansi ndi John Kirk mpaka kukaona nyanja ya Chilwa. Aphunzitsi ankatiuza za kulimba mtima kwake. Sankachedwapo pa mfundo yakuti katundu ankasenza ndi Amakololo, ndipo njira ankalozera ndi eni dera, amene nyanjayo ankaidya matemba kuyambira kalekale. Woyenda manja ali m'thumba ndiye analowa m'buku. Pamenepa ndinaona kuti ine ndi Livingstone tili ndi kofanana, kungoti iye sanafunsidwe za feteleza.

Kumene mtima wanga unakhutira ndi ku Chikala. M'tsinde mwa mapiri amenewa muli zipilala za Malape, dothi limene madzi a mvula akhala akusema kwa zaka zosawerengeka mpaka kusiya nsanamira zitalizitali zofiirira, munthu n'kumayenda pakati pake khosi lili m'mwamba. Pamwamba pa phiri ndi pamene panali linga la mfumu Kawinga ya Ayao, imene inavutitsa boma la atsamunda mpaka asilikali a Britain anailanda malowo mu 1895. Tinjira tina timene lero amayi amadutsamo ndi mitolo ya nkhuni ndi tomwe munkadutsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kunyanja ya mchere. Nkhani zimenezi sindinaziwerenge pa chikwangwani chilichonse m'njira imene ndinadzera. Anandisimbira ndi bambo wina wachikulire wovala kofia, titakhala pamwala, Chichewa chake chosakaniza ndi Chiyao, dzanja likuloza kumene kuli Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulukamo imene inaphwa mu 1995 n'kudzaphwanso mbali yaikulu mu 2018. Pamwamba penipeni pa linga sindinafikepo. Ndinaona kuti si ulemu kukwera pamalo a mfumu popanda kuitanidwa, komanso mawondo anali atayamba kuyankhula.

Inu a zokopa alendo, njira musavutike kulambula, zilipo kale ndipo zikuyendedwa tsiku lililonse. Khomani zikwangwani, lembani zimene akuluakulu aja akudziwa adakali moyo, ndipo ana odziwa powolokera aja azilandirako kangachepe kogulira makope. Inu anzanga amimba amene adokotala akulamulani, pitani mu Juni kukuzizira, nyamukani tambala woyamba, yambani mwaonekera kwa amfumu, kope musiye kunyumba. Akakufunsani kumene mukupita, nenani kuti mukukazonda odwala, palibe amene adzakuvutitseni. Ndipo ngati wina akudziwa wa kabaza wa cha ku Ntaja amene salipiritsa mimba payokha, anditumizire uthenga kudzera kwa akonzi.