Unduna Unatsekedwa, Nduna Zikadali mu Minibasi

Mu Seputembala 2021, patangopita milungu yochepa chilumbirireni, Pulezidenti Hakainde Hichilema anafufuta pa mndandanda wa maunduna a boma la Zambia unduna woona za chipembedzo ndi kulangiza mtundu. Undunawu unangokhala zaka zisanu, ndipo nduna yake inali imodzi kuyambira tsiku lobadwa mpaka tsiku la maliro: Mbusa Godfridah Sumaili. Ena anawomba m'manja kuti ndalama za misonkho zapulumuka, ena anagwira njakata kuti dziko latsala lopanda mlonda pachipata. Onsewa anavutika pachabe. Aliyense amene anakwerapo minibasi yochokera ku Kulima Tower kulowera ku Matero kapena ku Chawama akudziwa kuti undunawu sunatsekedwe, ndiponso kuti sunayambe mu 2016. Unalipo kalekale, uli ndi nthambi pa siteji iliyonse, pa mpopi uliwonse ndi pa maliro aliwonse, ndipo antchito ake salandira malipiro, sapita kutchuthi, sapumanso pa ntchito. Chimene boma la Edgar Lungu linachita ndi kungotenga ntchito imene tauni yonse imagwira mwaulere n'kuipatsa ofesi, mlembi ndi galimoto ya mbendera.

Mayi Sumaili sanakulire m'misonkhano ya chipani. Anali mbusa ku mpingo wa Bread of Life mu Lusaka, anatsogolera bungwe la Jesus Cares Ministries lothandiza ana ogwiritsidwa ntchito zosayenera msinkhu wawo, anakhalaponso mu komishoni yoona za ufulu wa anthu. Palibe dera limene linawavotera. Lungu atapambana chisankho cha Ogasiti 2016 anawalowetsa m'nyumba ya malamulo ngati phungu wochita kusankhidwa ndi pulezidenti, kenako anawaveka unduna umene unali usanakhaleko. Mabishopu a Katolika pamodzi ndi bungwe la Council of Churches in Zambia ananena poyera kuti unduna wotere ndi wosafunika, pamene a Evangelical Fellowship of Zambia anaulandira ndi manja awiri. Koma munda unali utalimidwa kale. Frederick Chiluba analengeza pa 29 Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko. Mu 2015, mtengo wa kopa utagwa, madzi atachepa ku Kariba, magetsi akuzimazima ndipo kwacha itataya pafupifupi theka la mphamvu yake pa dola, Lungu anaika tsiku la 18 Okutobala kukhala la kupemphera, kusala kudya ndi kulapa. Mabala anauzidwa kutseka, mpira wa ligi unaimitsidwa. Malamulo aakulu okonzedwanso mu 2016 anawonjezera kuti pulezidenti azipita ku nyumba ya malamulo chaka chilichonse kukapereka lipoti la momwe mtundu ukuyendera pa makhalidwe abwino. Dziko limene limapereka lipoti la khalidwe kamodzi pachaka lingalephere bwanji kukhala ndi mphunzitsi wamkulu?

Tsono funsani anthu mu msewu wa Cairo zimene amakumbukira za undunawu. Adzayamba ndi Zodwa Wabantu, wovina wa ku South Africa wotchuka ndi kuvina wosavala za m'kati, amene mu Marichi 2018 anabwezedwa kwawo atangotera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, nduna itanena kale kuti zoterozo kuno ayi. Adzatchula zidole zogonana nazo, zimene nduna inadzudzula kumayambiriro kwa chaka chomwecho, ndipo m'pamene agogo ambiri a ku Kalingalinga anamva koyamba kuti zinthu zotere ziliko pansi pano, ena mpaka kufunsa mtengo, pofuna kungodziwa kukula kwa tchimolo. Adzatchula Somizi Mhlongo, amene mu 2019 anaitanidwa ku chisangalalo cha Lusaka July koma nduna inati ndi wosalandiridwa. M'zaka zomwezo boma linagula galimoto zozimitsa moto 42 pa mtengo wa madola 42 miliyoni, miliyoni imodzi galimoto imodzi, ndipo amene anakachita zionetsero ku nyumba ya malamulo mu Seputembala 2017, monga Laura Miti ndi woimba Pilato, ndiwo anamangidwa. Mu Novembala 2020 dziko linalephera kulipira chiwongola dzanja cha madola 42.5 miliyoni pa ngongole yake ya kunja. Nambala 42 iyenera kuti ili pachibale ndi dzikoli. Nyumba ya mapemphero ya mtundu wonse, imene mwala wake wa maziko unaikidwa mu Okutobala 2015, inali isanathe pamene chipani cha Lungu cha Patriotic Front chinkatuluka m'boma. Koma wovina uja sanavine, ndipo pa nkhani imeneyo palibe amene anganene kuti boma linazengereza.

N'kosavuta kuseka nduna, koma tiyeni tione kaye antchito ake a m'minibasi. Mtsikana akangokwera atavala siketi yolekeza pamwamba pa maondo, msonkhano wa unduna umayamba nthawi yomweyo popanda woitanitsa. Mayi wa pampando wakutsogolo, amene wavala yunifolomu ya chigwirizano, amapumira m'mwamba n'kuyang'ana kudenga ngati akupereka nkhaniyo ku khoti lalikulu. Bambo wa kumbuyo, amene sanachotsepo diso pa maondowo chikwerere, amalengeza kuti ana a masiku ano atha. Wina amapisa m'chikwama n'kutulutsa chitenje: "Mwana wanga, funda apa, muno muli azibambo ako." Anyamata oitanira, amene kuyambira m'bandakucha akhala akutukwanizana mayina a ziwalo zonse za amayi awo, amasanduka alangizi a mwambo wa makolo, ndipo nthawi zina amafika pochita nkhanza zenizeni, zimene sizoseketsa konse. Minibasi yomweyo yanyamula anthu opitirira malo ake, matayala ndi osalala, kumbuyo kwalembedwa vesi. Kondakitala watsegula nyimbo zauzimu mokweza kotero kuti samva mukamukumbutsa za chenji chanu. Pa rodibuloko dalaivala amatsika ndi laisensi yopindidwa mwaluso, n'kubwerera ikupepuka, ndipo basi yonse, kuphatikizapo mayi wa chigwirizano uja, imakondwera kuti sitinachedwe. Pa zonsezi palibe amene amapumira m'mwamba. Palibe amene amatulutsa chitenje kuti afunditse wapolisi.

Pa maliro m'pamene undunawu umakhala ndi antchito ochuluka kuposa ofedwa. Pali owerenga amene sanavale duku, pali oyeza kulira kwa mkazi wamasiye ngati kwakwana, pali olemba mumtima amene anafika mochedwa n'kudya msanga. Womwalirayo angakhale kuti anamanga nyumba zitatu ndi malipiro a kalaliki, koma mlaliki adzati anali munthu wodalitsidwa, ndipo anthu adzavomera ndi ameni wamphamvu chifukwa bokosi lake n'lonyezimira. Mawa lake achibale omwe aja anadzudzula buluku la mpongozi adzayamba kufunsa komwe kuli makiyi a galimoto ndi mapepala a nyumba. Ku Soweto Market wogulitsa nyemba amakupatsani moni wa m'Baibulo uku chitini choyezera chili chophwanyidwa kunsi. Ku ofesi msonkhano umatsegulidwa ndi pemphero, umatsekedwa ndi pemphero, ndipo pakati pa mapemphero awiriwo anthu amasainira alawansi ya masiku atatu pa ntchito ya theka la tsiku. Malamulo a tauni ndi omveka bwino: tchimo ndi chimene chikuoneka ndi maso ndipo chachitidwa ndi munthu amene sangakubwezere, makamaka mtsikana, mlendo kapena woledzera. Chimene chachitika m'kabuku ka malisiti, kapena chachitidwa ndi munthu amene mawa ungakamupemphe ntchito ya mphwako, chimatchedwa nzeru, mwayi, kapena madalitso. Mayi Sumaili sanalembe malamulo amenewa. Anawapeza, ndipo ndikuona kuti pa nduna zonse za nthawi imeneyo, iwo amene sanavoteredwe ndi aliyense ndiwo anaimira bwino anthu a m'tauni.

Ena adzati undunawu unali ndi ntchito yeniyeni, yoteteza anthu kwa aneneri onyenga, ndipo mawu amenewa ali ndi polemera. Aneneri ogulitsa mafuta, madzi ndi timitsuko ta chipambano alipodi, ndipo amene amalira ndi amayi osauka amene apereka mpamba wonse wa bizinesi ngati mbewu. Mu 2017 boma linathamangitsa mneneri wa ku Nigeria Andrew Ejimadu, wodziwika kuti Seer 1. Koma kuba mwachinyengo ndi mlandu wa apolisi kuyambira kale, kuthamangitsa mlendo ndi ntchito ya a zolowa ndi kutuluka, ndipo mipingo imalembetsedwa ku ofesi ya Registrar of Societies. Chimene chinkasowa si ofesi ina. Komanso mneneri sadzaza yekha holo. Anthu amene masana amadandaula kuti aneneri achuluka ndi omwewo amene Lachisanu usiku amakhala pa mzere ndi chithunzi cha bwana wawo m'chikwama kuti akamupempherere asamutsidwe. Seer 1 yemweyo ali kunja anayamba kuulutsa pa Facebook kuti ena mwa akuluakulu a chipani cholamula anali makasitomala ake, ndipo tauni imene inakondwera kuti wachoka inagula mabandulo kuti imumvetsere mpaka pakati pa usiku.

Ena adzati n'kulakwira mayiwa kuika dzina lawo pafupi ndi galimoto zozimitsa moto ndi ngongole, popeza sizinali mu unduna wawo. Zoona, ndipo palibe amene akuti anagula ndiwo kapena anakongola ndiwo. Koma apa m'pamene pagona nkhani. Dziko linakhala pansi n'kukhazikitsa ofesi yolangiza mtundu pa makhalidwe, ndipo aliyense, kuyambira woikhazikitsa mpaka wogulitsa tomato, anamvetsa popanda kuuzidwa kuti ulangiziwo udzayang'ana kumunsi, kwa ovina ndi ovala, osati m'mbali kwa anzake a pa tebulo la nduna. Nduna imene imasankhidwa ndi pulezidenti, imalumbira pamaso pa pulezidenti ndipo ingachotsedwe ndi pulezidenti pa nkhani za pa wailesi za madzulo, singakhale Natani wouza Davide kuti munthuyo ndiwe. Mabishopu aja mwina anaona zimenezi mu 2016. Mayi wa m'minibasi nayenso amadziwa bwino malire a udindo wake: angadzudzule mwana wa eni, koma mwininyumba wake amene amabwera ataledzera kudzatolera lendi amamupatsa mpando n'kumutcha atate. A ku Malawi asaseke kwambiri. Iwo analibe unduna wotere, koma kuyambira 1973 mpaka 1993 anali ndi lamulo lenileni loletsa akazi kuvala buluku ndi masiketi aafupi, ndipo mu Januwale 2012, lamulolo litafa kalekale, mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre ankavula akazi m'misewu pa mlandu womwewo.

Pali otsiriza amene amati anthu anaukana okha undunawu pa chisankho cha pa 12 Ogasiti 2021, ndiye kuti tauni yasintha. Anthu anavotera mtengo wa ufa, mafuta ndi ntchito za achinyamata. Ndikukayika ngati alipo amene anaima pa mzere kuyambira m'mamawa chifukwa chomvera chisoni Zodwa. Hichilema, amene ndi mkulu wa mpingo wa Seventh-day Adventist, sanataye ntchitoyo kudzala, anangoisamutsira ku ofesi ya wachiwiri kwa pulezidenti. Mayi Sumaili anataya mbendera koma sanataye dzina, pakuti m'tauni udindo sutha: amene anakhalapo nduna amakhala olemekezeka mpaka kumanda, mpando wa sofa pa maliro ndi wake, ndipo atolankhani amadziwa nambala yoimba nkhani ya makhalidwe ikabuka. Tsiku la 18 Okutobala nalonso linatsala pa kalendala ngati tchuthi, ndipo palibe boma limene lingayerekeze kulichotsa, chifukwa opemphera ndi osapemphera amagwirizana kwathunthu kuti tsikuli ndi lofunika. M'mawa ena amapita ku mapemphero atavala bwino. Ambiri amachapa zovala za sabata yonse. Kusala kudya kumafika mpaka cha m'ma 10 koloko, pamene fungo la mazira okazinga kwa aneba limachititsa munthu kukumbukira kuti ali ndi zilonda za m'mimba ndipo adokotala anamuletsa kukhala ndi njala. Pofika madzulo makala ayaka, soseji ili pa waya, ndipo pa khonde la bala bambo wina amene wagwira botolo lachinayi la Mosi, pa ngongole, akufotokozera anzake kuti mvula ikuchedwa chaka chino chifukwa cha mmene atsikana akuvalira.