Ulemu Upite kwa Galimoto ya pa Njerwa

Pamaliro timatamanda womwalira, pamsonkhano timatamanda wandale, paukwati timatamanda mkwatibwi ngakhale nsima yake tisanailawe. Koma sindinamvepo munthu ataimirira n'kunena mawu awiri okoma za galimoto ya pa njerwa, ija imakhala kuseri kwa nyumba, matayala anachoka kalekale, boneti ili yasa ngati ng'ona yowothera dzuwa m'mbali mwa Bua. Lero ndaimirira ndine. Ndipo ndikuidziwa bwino nkhaniyi, chifukwa alamu anga, amene anakwatira mlongo wanga ndipo akukhala pamudzi pathu chakufupi ndi Kamwendo, ali nazo zitatu.

Anayamba ndi imodzi, monga amayambira onse. Inali Toyota Starlet yakale ija, kagalimoto kopanda mchira, ka chitseko chakumbuyo chotsekukira m'mwamba, kamene ku Japan anasiya kukapanga mu 1999. Kanagwira ntchito ya bulu: kutenga anthu pa boma pa Mchinji kukawatula kuchipata cha m'malire, kumene anzathu a ku Zambia amati pa Mwami. Ndi makilomita 12 okha, koma tsiku lonse n'kupita ndi kubwera, anayi kumbuyo, awiri kutsogolo, wina kugawana mpando ndi dalaivala, kubuti matumba a mtedza. Tsiku lina injini inanoka. Makaniko anatchera khutu kugogoda kwake, anapukuta manja, n'kunena kuti, "Bwana, iyi yatisiya."

Munthu wamba akanaitana anyamata ogula zitsulo. Alamu anga si munthu wamba. Anamva kuti ku Mkanda kuli Toyota Tazz imene wina anabwera nayo kuchokera ku Joni, inagubuduzika pamsewu wafumbi, denga linaphwatalala koma mtima unali kugundabe. Tazz ndi mwana wa ku Durban, anaipanga kumeneko mpaka 2006, ili ndi injini ya 2E yoyendera kabureta ndi giyabokosi ya manyuwale. Apa m'pamene nzeru za alamu zinawala. Starlet yawo inali otomatiki, monga zambiri zochokera ku Japan, ndipo otomatiki ili ndi tchimo limodzi losakhululukidwa kwathu kuno: siilira ndi kukankha. Batire ikafa, yafa basi, ngakhale mutasonkhanitsa mudzi wonse kumbuyo kwake. Choncho anati atenge injini ndi giyabokosi za Tazz aike mu Starlet, magalimoto awiri akufa abale imodzi yamoyo. Anati ndi ntchito ya masabata awiri. Mvula yagwa kanayi chinenereni mawuwo.

Ndinaliko tsiku lochotsa injini, ndipo sindidzaliiwala. Galaja yake ndi mtengo wa mango umene anadzala agogo. Tchenibuloko anabwereka kwa wachigayo, anaikoleka panthambi yaikulu, anyamata awiri n'kumakoka tcheni, kuli ngwee, ngwee. Injini inatuluka pang'onopang'ono, mawaya ndi mapaipi ali lende, oyilo wakuda akudontha pansi, n'kulendewera m'malere ngati mbuzi yosendedwa tsiku la Khirisimasi. Nthambi inalira. Tonse tinabwerera m'mbuyo kupatula alamu, amene anali pansi pake, chagada pa thumba la feteleza, akufuula kuti, "Tsitsani pang'ono! Ayi, kwezani!" Mabawuti onse ankaponyedwa m'beseni la mlongo wanga, lija lotsukira mbale. Mpaka lero silinabwerere kukhitchini. Ndipo mango a chaka chimenecho, a nthambi ya kumadzulo, ana ankati akununkha girizi.

Tsono injini ya 2E ndi ija inafa mu Starlet, ya 4E, n'zapachibale, za mtundu umodzi. Izi n'zoona ndithu, ndipo ndi zimene zinawalimbitsa mtima alamu. Koma aliyense amene anagawanapo munda wa makolo amadziwa kuti chibale sichitanthauza kugwirizana. Mautingi anakana kukumana ndi mabowo ake, zinatengera wowotcherera kuti awakakamize. Mashafuti opita kumatayala anapezeka aatali, popeza Tazz ndi yotakata kuposa Starlet. Pansi pa chiwongolero panali mapedulo awiri, pamene manyuwale imafuna atatu, ndiye kuti lachitatu, la kilatchi, liboolerwe malo ake. Pampu ya m'thanki, yozolowera injini ya kompyuta, inkakankha petulo mwamphamvu mpaka kabureta kutsamwa. Vuto lomalizali alamu analithetsa mwa ukatswiri umene mainjiniya a ku Japan sanauganizepo: chigubu cha malita asanu pampando wa pasinjala, paipi kudutsa pawindo, zomangidwa ndi malegeni.

Ali mkati modikira mashafuti, anagula yachitatu. Musandifunse chifukwa. Wina wa ku Waliranji anapanikizika ndi ngongole ya fodya, mtengo unali wabwino, ndipo alamu anati "ikhala ya masipeya". Inali Volkswagen Citi Golf. Imeneyi ndi nkhalamba yokana kufa: Golf yoyamba ija ya mu 1974, ku Germany atatopa nayo, a ku South Africa anapitiriza kuipanga ku Uitenhage kuyambira 1984 mpaka 2009. Koma ndi Mjeremani. Palibe chake chimene chimalowa mu Toyota, kupatula galasi loonera kumbuyo. Alamu ataona pafoni kuti kunja azungu amazisaka galimoto zotere, amazikonza m'magalaja a simenti Loweruka ndi Lamlungu pongofuna kusangalala, n'kumazigulitsana ndalama zambiri, anasiya kuitcha masipeya. Tsopano amaitcha chuma cha ana.

Ena amaseka. Ine ndikuti tiyeni tiwerenge zabwino zake, tione ngati galimoto yanu yoyendayo ingafikepo.

Nthawi ija mafuta anasowa, anthu akugona pamizere m'mafilingi sitesheni, ena akuwoloka malire ndi zigubu usiku, alamu ankagona tulo tofa nato. Eni galimoto zitatu, koma osataya ndi ola limodzi lomwe pamzere. Galimoto ya pa njerwa sinagundepo mwana wasukulu. Sinaphulitsepo tayala pa M12. Wapolisi sanaiimitsepo kufunsa inshuwalansi kapena COF, ndipo sinathamangepo mopyola muyezo. Bungwe loona za chitetezo cha pamsewu likanakhala lopereka mendulo, ikanapita kuseri kwa nyumba ya mlongo wanga.

Kusunga chuma nako, ndani angaipose? Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anasunga ndalama m'buku anadzuka ali osauka. Sitata ya Tazz inadzuka itakwera mtengo, osasuntha pamene inali. Galimoto yakufa ndi nkhokwe: mwana akabwezedwa fizi, mumamasula alitaneta, maliro akagwa, mumagulitsa radiyeta. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhokwe ya chimanga imafuna mankhwala a anankafumbwe, pamene iyi chiswe chimangoiyang'ana n'kudutsa. Zoona, tsiku lofuna kuliza injini mumapeza kuti alitaneta ija munadya kale, mukagule ina pamtengo wowirikiza kawiri ku Biwi, ku Lilongwe. Koma kodi ndi banki iti imene simadula kanthu?

Mlongo wanga amadandaula, komatu sadziwa mwayi wake. Amuna a anzake Loweruka amasowa, amapezeka Lamlungu m'mawa maso ali psuu. Wake amadziwa kumene ali: miyendo iwiri yotulukira pansi pa Starlet. Ndalama yoti akamwere alibe, inapita ku magasiketi. Mkazi wina sangawayang'ane, malaya onse ndi oyilo. Tsiku lina ndinamumva akuti, "Abambo, bola mukanakwatira mitala, mkazi mnzangayo bwenzi akundithandiza kusinja." Alamu anayankha ali pansi pomwepo, "Mayi, tandipatsirani sipanala ya 12." Banja limene limakambirana chonchi silitha.

Ndipo pabwalopo pasanduka mphala. Kukangomveka kugogoda kwa hamala, amuna amabwera okha, aliyense ndi nzeru zake. Mphunzitsi wopuma amati vuto ndi taimingi. Wakabaza, amene sanayendetsepo chinthu cha matayala anayi, amati ndi mapulagi. Mkulu wa mpingo amangoti tiike m'mapemphero. Amati mutu umodzi susenza denga, koma pano ndinaona mitu khumi ndi iwiri ikulephera kulowetsa giyabokosi imodzi, chifukwa kilatchi puleti sinakhale pakatikati ndipo shafuti imakana kulowa. Anaigwedeza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Inalowa yokha, ndi kamphokoso kakuti kho, pamene onse anali atatembenukira ku mbale ya chimanga chowotcha. Aliyense anapita kwawo akunena kuti ndi iye anaiuza njira.

Ana nawo apindula. Mwana wa mlongo wanga wa Sitandade 4 sadziwa bwino matebulo, koma amadziwa kuti bawuti ya 14 siimasuka ndi sipanala ya 13, ndipo "wayendetsa" Citi Golf kukafika ku Johannesburg kambirimbiri, mlomo uli bvuuu, anzake asanu ali kumbuyo akulipira masamba a mango. Nkhuku zinasankha Tazz. Pampando wakumbuyo wa galimoto imeneyi paswedwa anapiye ochuluka kuposa anthu amene inanyamulapo ili moyo.

Koma chimene ndimaikondera kwambiri galimoto yosinthidwa mtima n'chakuti ndi yathu yeniyeni, ya kuno kumalire. Ife a Mchinji timayenda ndi makwacha awiri m'thumba, ya Malawi ndi ya Zambia. Foni imagwira netiweki ya uku ndi uko. Azakhali ali ku Chipata, amalume ali ku Kapiri, maliro timakalira mbali zonse. Nayonso Starlet ya alamu thupi ndi la ku Japan, mtima ndi wa ku Durban, mashafuti akusakidwa ku Down Shops ku Chipata, malegeni ndi a chubu cha njinga ya kabaza. Pa bulubuku palembedwa nambala ya injini imene pano ndi mpando wokhalira alendo pansi pa mango, ndiye tsiku lina adzayenera kukafotokoza kwa a Road Traffic kuti asinthe zolembazo. Mphala inakambirana nkhaniyi masana athunthu: kodi galimotoyi ndi Starlet kapena Tazz? Anaigamula ndi agogo ena aakazi amene ankangodutsa ndi mtolo wa nkhuni. Anati, "Inu, mwana ndi wa kwa mayi. Injiniyo ndi mkamwini chabe. Yabwera kudzagwira ntchito, ikavuta aipirikitsa." Onse anaseka kupatula alamu, amene anayang'ana bwalo, nyumba ndi mtengo wa mango, n'kukumbukira kuti zonsezo n'za kwathu.

Otsutsa amati, nanga idzayenda liti? Funso limeneli ndi la anthu osadziwa mbiri ya dera lawo. Njanji yochoka pa Mchinji kukafika ku Chipata anaiyamba mu 1982, ndipo inatsegulidwa mu 2010. Zaka 28, maboma awiri, mainjiniya ophunzira, mtunda woti wakabaza amapita n'kubwerako tsiku lomwelo. Alamu ali okha, ndi tchenibuloko yobwereka, ndipo angotha zaka zinayi. Ofesi imodzi yapachipata ija, yoti munthu azidindira mapepala a mayiko onse awiri malo amodzi, atsogoleri a mayiko awiriwa panthawiyo, a Chakwera ndi a Hichilema, anaitsegula mu Disembala 2022, patapita zaka zoposa makumi asanu mayiko onsewa atalandira ufulu. Zinthu zazikulu kuno sizithamanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhono ikanapikisana ndi Starlet ya alamu bwenzi pano itadutsa Namitete.

Musaganize kuti sinalirepo. Inalira, mwezi wathawu, Loweruka masana. Batire anabwereka ya sola ya kwa aneba, petulo theka la lita m'chigubu chija. Sitata inakhosomola kawiri, kachitatu injini inabangula, utsi wabuluu unadzaza bwalo, nkhuku zinabalalika, agalu anathawira kudimba. Amayi oyandikana nawo anatuluka n'kululutira. Alamu anakhala pampando wa dalaivala, manja onse pachiwongolero, maso kutsogolo, akuponda mafuta, nkhope ili ngati ya munthu amene wadutsa kale Namitete ndipo akuona magetsi a Lilongwe. Matayala panalibe, mashafuti panalibe, njerwa zinangonjenjemera pang'ono. Patatha mphindi zitatu petulo anatha. M'beseni munatsala mabawuti asanu ndi anayi amene palibe akudziwa kwawo, ndipo alamu anati umenewo ndi umboni wakuti a Toyota ankawononga zitsulo.

Ndinawafunsa kuti, "Alamu, ndiye chatsala n'chiyani?"

"Zing'onozing'ono, alamu. Mashafuti, ndi pedulo ya kilatchi ndikaichotse mu Tazz."

"Bwanji osachotsa lero?"

Analoza ndi sipanala. Pansi pa chiwongolero cha Tazz, pakati penipeni pa mapedulo, thadzi lakuda linali litafungatira mazira khumi. "Masiku 21," anatero. "Mlongo wanu wati ndikaisuntha nkhukuyo, ndisamuke ndine."

Potsanzika ndinadzera kuseri kwa khola. Ndinapeza milu inayi ya njerwa zootcha, yatsopano, yoyalidwa bwinobwino pamakona anayi, pakati pake posesedwa. Mlongo wanga akuganiza kuti ndi maziko a khitchini imene alamu anamulonjeza. Ine ndinayeza ndi mapazi kutalika ndi kufupika kwake, ndipo ndinakumbukira kuti sabata yatha alamu ankafunsa wa lole mtengo wokokera Mazda 323 kuchokera ku Magawa.