Madzulo Ano Tiphike Chiyani?

Ikamakwana 4 koloko madzulo, m'maofesi a mu Lilongwe mumayamba kulira mafoni. Si abwana, si kasitomala. Ndi anti a kunyumba, aflasha kawiri kuti mayi aimbe okha, poti mayunitsi ndi a mayiwo. Funso lake ndi limodzi kuyambira ku Area 25 mpaka ku Kawale: "Amayi, nanga madzulo ano tiphike chiyani?" Mayi yemwe m'mawa uja amalongosola bajeti ya mamiliyoni pamaso pa akuluakulu popanda chibwibwi, apa amangoti kukamwa yasa. Kenako amatchinga foni ndi dzanja, chifukwa mnzawo wa desiki yoyandikana makutu ali tcheru, n'kufunsa motsitsa mawu: "Kodi nsomba zija zinatsala?" Womverayo aganize kuti ndi chambo. Ndi bonya.

Vutoli akuti lili ndi mankhwala, ndipo amagawidwa ku bridal shower, pakati pa perekaniperekani ndi Fanta. Amaimirira mayi wina wa duku lalitali, maikolofoni m'manja, n'kulangiza mkwatibwi kuti mkazi wadongosolo sadzidzimuka dzuwa likamalowa: amalemba ndandanda ya ndiwo za sabata yonse n'kuimata pafiriji. Azimayi onse m'holo amagwedeza mitu, ena kuimba nthungululu, kuphatikizapo omwe usiku wathawo anagonera tiyi ndi mbatata. Mkwatibwi amakachitadi. Lolemba nyemba, Lachiwiri mazira, Lachitatu nsomba, Lachinayi nyama ya ng'ombe, Lachisanu supageti kuti ana asangalale. Amajambulanso timaluwa m'mbali mwake. Mapepala amenewa ndawaona m'nyumba zambiri mumzinda muno. Ena anada ndi utsi, ena kumbuyo kwake kunalembedwa ngongole ya pa okala. Koma ndandanda yomwe inafika Lachitatu ili moyo sindinaipezebe.

Imafera pa nyemba, tsiku loyamba lomwelo. Nyemba, kaya ndi nanyati kaya kholophethe, sizidziwa kuti munthu waweruka mochedwa. Zimafuna maola awiri kapena atatu pamoto, ndipo sizinyengereredwa. Alangizi aja ananena kuti tiziviika m'madzi usiku wonse, ndipo sananame, zoviika zimapsa msanga. Kungoti munthu amakumbukira zoviika nyemba ali kale m'minibasi Lolemba m'mawa, atapanikizidwa pakati pa thumba la kabichi ndi bondo la kondakitala. Ndiye anti amaziteleka zouma pa hotipuleti cha m'ma 2 koloko. Zikangoyamba kuwira, magetsi aja phethi, azima.

Apa m'pamene munthu amazindikira kuti mwini khitchini si amene analemba ndandanda. Mwini khitchini ali kutali, ku mtsinje wa Shire, kumene kuli makina a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana atawononga ku Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yopitirira chaka mabanja a m'tauni ankadya malinga ndi gulu lomwe dera lawo laikidwa pa ndondomeko yozimitsa magetsi. Kuyambira nthawi imeneyo ngakhale m'nyumba za mipanda italiitali za ku Area 47, kuseri kwa khitchini ya matailosi kumakhala mbaula itakhala phee, kudikirira tsiku lake. Lamulo la za nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, aliyense akudziwa kuti nkhalango ya Dzalanyama ikulowa mumzinda pa njinga thumba ndi thumba, ndipo aliyense zimamumvetsa chisoni. Bwana yemwe masana anakamba mogwira mtima pa msonkhano wa kusintha kwa nyengo ku hotela, madzulo amaimitsa galimoto pambali pa msewu, kutsitsa galasi pang'ono, n'kufunsa ngati makalawo ndi a mtengo wolimba.

Azimayi ochenjera anapeza njira. Loweruka amaphika nyemba mphika wonse pa makala, n'kuzigawa m'timabigiri ta majarini, kuika m'firiji. N'chifukwa chake m'nyumba ya m'tauni usamasangalale ukaona chibigiri cha Stork. Ukachitsekula ndi buledi m'manja upezamo nyemba za sabata yatha. Nzeru yake ndi yabwino ndithu, koma firiji nayo imamvera mtsinje wa Shire womwewo.

Wina wolamula mphika ndi kalendala. Kuyambira pa 25 mpaka mwezi kutha, m'nyumba mumamveka fungo la nkhuku, masoseji, mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga womwe umanunkhira mpaka kumsewu. Ana amayankhula mokweza, galu amanenepa. Pofika pa 10 nyama yasanduka ya soya. Pofika pa 18 mafuta ophikira akugulidwa a m'kachubu, ufa wa m'kajumbo kokwana usiku umodzi, ndipo bambo ayamba kuyamikira chisoso ndi bonongwe kuti madokotala amati n'zothandiza magazi. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pa 18 paja panasendera kufupi ndi pa 8, koma ndandanda ya pafiriji sinamve nkhaniyo. Ikunenabe kuti Lachinayi ndi nyama ya ng'ombe.

Pamsika napo pali masamu ake. Mayi watsika minibasi kuli chisisira, nsapato zam'mwamba zikumupweteka, ndipo wa tomato wamuona kale. "Kasitomala wanga, lero mundidutsa?" Mulu womwe kale unali wa tomato anayi tsopano ndi wa atatu, koma ounjikidwa mwaluso, wovunda ali pansi nkhope yake itayang'ana thebulo. "Ikaniponi basela." Wogulitsa amapuma mozama, kuyang'ana kumwamba, n'kutola kamodzi kobiriwira komwe anakasungira ntchito yomweyo. Onse awiri amasiyana mokhutira kuti apusitsana. Tomato, anyezi ndi kamchere zikangopezeka, nyumba yapulumuka, chifukwa ndiwo za pakati pa sabata zonse zimabadwira pamenepo. Usipa, mazira, chainizi, repu, nyama ya soya, zonsezi zimapsa madzi a nsima asanatenthe bwino. Azimayi amadziwa zimenezi popanda pepala.

Mayi akathedwa nzeru amalakwitsa n'kuimbira mwamuna wake. "Bambo a mwana, madzulo mudya chiyani?" Yankho limabwera ndi mawu ofatsa a munthu wosavuta kusunga: "Chilichonse, mayi." Usiku munthu wosavutayo amakhala pathebulo, kuvundukula mbale ya ndiwo, kuiyang'ana nthawi yaitali, kuivundikiranso.

"Ndiye leronso ndi bonya?"

"Si munati chilichonse?"

"Ayi, sindikudandaula. Ndikungofunsa."

Akatha kungofunsako amadya mitanda inayi. Mukaphika mpunga kuti musinthe, amaudya wonse, kupukuta pakamwa, n'kufunsa kuti chakudya chenicheni chibwera nthawi yanji, pakuti m'dziko muno munthu wodya mpunga usiku amawerengedwa kuti wagona ndi njala. Ana nawo ali mbali ina: kusukulu anaphunzira kuti kuli tchipisi ndi supageti, ndipo nsima ya mgaiwa amaiyang'ana mwachifundo. Wamng'ono sadya bonya chifukwa akuti amamuyang'ana. Nyumba imodzi, zipani zitatu, mbaula imodzi.

Pali abambo ena omwe funsoli siliwakhudza n'komwe. Iwo amafika 10 koloko usiku, atachedwa ndi nkhani yofunika ya Silver ndi Bullets, milomo ili noninoni ndi mang'ina, mpweya ukununkha tsabola wa kambuzi. "Lero m'mimba simuli bwino, ndingomwa madzi." Nsima yomwe inavundikiridwa mwaulemu kuyambira 7 koloko imagona pathebulo, mawa ana adzaidye mkute. Ndipo tisaiwale bambo wamakono, yemwe amaphika. Amaphika kamodzi, Loweruka, atalengeza kuyambira Lachinayi. Amathira tomato wa sabata yonse mumphika umodzi, mafuta theka la botolo, kudetsa mapoto onse mpaka lija la ukwati, kujambula chithunzi, kuika pa WhatsApp. Azilongo ake amalemba kuti mlamu wawo ali ndi mwayi. Mlamu wamwayiyo ali panja akukwecha mapoto.

Koma wogwetsa dongosolo wamkulu ndi mlendo wa chakumadzulo. Munthu ameneyu ali ndi luso lomwe sukulu siphunzitsa. Safika mukusenda anyezi, angapatsidwe mpeni. Safika mutadya. Amadikira phala lithakathake, ufa uthiridwe, mthiko ugunde poto, ndipo chipande chikangolowa m'madzi kuti muomole mtanda woyamba, pakhomo pamamveka "Odi!" wautali, wodzichepetsa.

"Ndimangodutsa, ndiye ndati ndiwaoneko ana."

Iye amakhala ku Chinsapo, inu muli ku Area 49, kuseri kwa nyumba yanu kulibe njira koma munda wa chimanga. Amadutsa kupita kuti? Funso limenelo silifunsidwa. Silifunsidwanso lakuti "Kodi mudya?" chifukwa kufunsa mlendo choncho n'kumumana. Mumangobweretsa beseni ndi jagi.

"Alamu, tiyeni tisambe m'manja."

"Ayi alamu, musavutike, ine ndadya kale." Akunena izi akupinda malaya m'mikono ndi kuvula wotchi.

Kukhitchini nthawi imeneyo kuli msonkhano wadzidzidzi. Mitanda inawerengedwa kale malinga ndi mitu, nthuli za nyama nazo zinali ndi eni ake. Mayi amathira kapu ya madzi m'ndiwo, kamchere pang'ono, tomato wa basela uja, n'kutakasa mwachikhulupiriro. Mitanda imaomoledwa yocheperako kuti ichuluke. Ana amauzidwa kuti lero adyera kukhitchini, ndipo anti amalengeza okha kuti alibe njala. Zonse zimayenda bwino mpaka kamwana ka zaka zinayi katasuzumira pabalaza n'kufunsa mokweza: "Amami, nyama yanga ija mwawapatsa ankolo?" Mayi amaseka, mlendo amaseka, bambo amakweza wailesi. Diso lomwe mayi amaponyera mwanayo pakati pa kusekako limamuuza kuti nkhaniyi ikambidwa mlendo akapita. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma mame a m'tauni amagwa Lachiwiri, Lachinayi ndi Lachisanu, nthawi yake yomweyomweyo. Akamaliza amasamba m'manja, kuyamika kuti alamu amadziwa kutendera nkhwani, kuonera nkhani za 8 koloko, kenako pachipata amanong'oneza bambo: "Achimwene, kwada. Mungandithandizeko ya kabaza?"

Ndisanamizire kuti mlendoyu ndi woipa. Ambiri a ife tinakhalapo iyeyo chaka chomwe tinkafuna ntchito ndi envulopu ya khaki m'khwapa, ndipo tinkadziwa bwino nyumba ya azakhali yomwe imaomola 7 koloko ndi ya amalume yomwe imachedwa. Mzinda uno walera anthu ambiri ndi kapu ya madzi yothiridwa m'ndiwo. Chomwe chimandiseketsa n'chakuti alangizi a ku bridal shower sawerengera munthuyu pa ndandanda yawo, chonsecho iye ndiye sajomba.

M'nyumba za lendi za mdadada, monga za ku Mchesi ndi Biwi, muli vuto linanso: zomwe mwaphika si chinsinsi cha banja. Mbaula zonse zili pakhonde, fungo limayenda khomo ndi khomo popanda odi. Wokazinga nkhuku amakazinga chitseko chili pululu, kutembenuza nthuli mochedwa, kuitana mwana mokweza kuti abweretse mbale ina yaikulu. Wa bonya amakokera mbaula kuseri kwa chitseko, koma bonya sabisika. Amphaka a mdadada wonse amabwera kudzachitira umboni. Palinso mayi wodziwa kukazinga anyezi yekha mwaukali, mafuta ali tcholotcholo, mpaka aneba kukhulupirira kuti kwagwa mbuzi, pamene chotsatira mumphikamo ndi kabichi.

Fungo likasokoneza chonchi, aneba amatuma kazitape. Amabwera ndi kachitini kapena chigubu chodula, mapazi ali mbuu, wazaka zisanu ndi ziwiri.

"Akuti amayi tipaleko moto."

Moto amapatsidwa. Koma maso ake sali pa makala, ali pa poto, ndipo amachedwa dala mpaka chivundikiro chitsekulidwe. Akabwerera kwawo lipoti limaperekedwa pakhonde pomwepo, ndi mawu omveka mdadada wonse, mwini kabichi akumva.

"Amayi, si nyama ayi! Ndi kabichi yemwe uja wadzulo, angothiramo anyezi wambiri!"

"Iwe, khala chete! Ndinakutuma zimenezo ine?" Kenako motsitsa, akukupiza mbaula: "Nanga mafuta anali a m'botolo kapena a m'kachubu?"