Ayisi wa pa Thuchila

Dzuwa la Okutobala likafika pa Thuchila, mwini firiji amasanduka mfumu. Ngakhale mlamu amene munayambana naye pa nkhani ya malire a munda mumamupatsa moni kawiri.

Mnyamata wina wochokera ku Joni anakhala pa bala n'kuitanitsa Malawi Gin wothira madzi a nanazi. Ayisi, iye anati, akhale mmodzi koma wamkulu, chifukwa wamkulu amasungunuka pang'onopang'ono, pomwe wophwanyaphwanya amaziziritsa msanga koma amasukulutsa chakumwa. Apo sananame. Mwini bala anamvetsera mwaulemu, analowa kuseri, n'kutulukira ndi jumbo la madzi oundana lalikulu ngati njerwa, hamala ali kumanja. "Achimwene, semani nokha saizi yanuyo."

Mayi wina amasunga ayisi m'firiji momwe muli karapau. Ayisi sabisa chinsinsi, amatenga fungo la chilichonse chimene wagona nacho. Kasitomala anamwa kamodzi, ananunkhiza tambula, n'kufunsa: "Mayi, ndiwo zafika, nanga nsima ibwera nthawi yanji?"

Agogo ena mdzukulu anawaponyera ayisi mu kachasu. Poona kuti tambula ikudzaza yokha popanda kulipira, anasekerera mpaka usinini kuonekera. "Ponyamo miyala ina iwiri, mwanawe!" Patapita mphindi khumi nkhope inasintha. "Wachuluka ndithu, koma wasiya kuluma. Kodi ameneyu wabatizidwa?"

Wonyamula katundu wa alendo okwera phiri la Mulanje anadzitama kuti kumtunda, cha ku Thuchila Hut, m'mawa wa Juni ndi Julayi madzi amatha kuundana okha, opanda magetsi. Anzake anamutuma kuti akawatengere. Anatsika madzulo ndi chigubu cha madzi ofunda, n'kutchula mtengo wa ayisi. Atamudzudzula, sanachite manyazi: "Ndi yemweyu, wangotopa ndi ulendo."

Koma wa zaumoyo wina, amene kolera wa 2022 ndi 2023 sanamuiwale, safunsa za saizi. Amafunsa kumene madzi atungidwa.

"Kumtsinje wa Thuchila konkuno, bwana," wogulitsa anayankha. "Koma musadandaule, tizilombo tonse tafa ndi chisanu."

"Ta kolera chisanu sichitimaliza. Tina timangogona, n'kukadzukira m'mimba mwanu."

"Ndiye ndikuikireni angati?"

Wa zaumoyo analoza Fanta wa m'botolo amene anali padzuwa kuyambira m'mawa, n'kutsegula yekha.